Mpunga wa pa Immermannstraße

Ukatuluka pasiteshoni yaikulu ya sitima ku Düsseldorf, m'dziko la Germany, n'kuyenda mphindi zochepa chabe, umapezeka mumsewu wa Immermannstraße. Zikwangwani zayamba kulembedwa m'Chijapani, m'magolosale muli matumba a mpunga ndi mabotolo a msuzi wa soya. Ajapani anayamba kukhazikika kuno m'zaka za m'ma 1950, makampani awo atatsata zitsulo ndi makina a m'dera la Ruhr, ndipo mu 1971 anatsegula sukulu ya ana awo. Malesitilanti a mumsewuwu anayamba ndi kuphikira anthu amenewa, anthu oti ukawanamiza pa mpunga mawa sabweranso.

Mmalawi izi sizingamudabwitse. Ukafika pa depoti ya basi ku Lilongwe uli ndi njala, suwerenga chikwangwani. Umaona kumene madalaivala ndi makondakitala akulowa. Ku Ulaya n'chimodzimodzi. Nyali zofiira za pepala pakhomo ndi chidole cha mphaka wokweza dzanja aliyense angagule. Koma ukaona bambo wa suti atakhala yekha masana, akudya mwachangu, akuyankhulana ndi wophika m'chiyankhulo chawo, lowa.

Chizindikiro china ndi kuchepa kwa zakudya. Ku Japan, wophika ramen (ma noodles a mumsuzi) amaphika ramen basi, wa sushi naye zake. Malo ogulitsa sushi, ramen, nyama yootcha pa timitengo ndi mpunga wokazinga wa Chitchaina zonse pamodzi amakhala akuphikira alendo. Ku Paris malo otere ndi ambiri, ndipo ofuna zenizeni amalowera ku rue Sainte-Anne.

Komatu nkhani yagona pa mpunga. Ife tikamva za sushi timathamangira kunena kuti nsomba yaiwisi, n'kukwinya nkhope, poti kwathu chambo chosapsa bwino chimabwezedwa kukhitchini. Mjapani amayamba walawa mpunga. Uyenera kukhala wa njere zazifupi, womata, wothira viniga, mchere ndi shuga pang'ono, wosazizira ngati wachokera mufiriji. Ukaunyamula usamwazike, ukafika mkamwa umasuke. Amene anadyapo papa ku Joni, mtima uli pa nsima ya ufa woyera, akudziwa zimene ndikunena: ndiwo zikome bwanji, nsima ikakhala ya mibulu kapena yosapsa, wophika walephera. Msuzi wa dashi nawo sabisa. Amaupanga ndi ndere zouma za m'nyanja ndi nsomba youma yopalapala, ndipo fungo lake silitalikirana kwenikweni ndi la usipa wouma ukamawira.

Boma la Japan linayesapo kulowererapo. Mu 2006 unduna wa zaulimi unaganiza zopereka ziphaso kwa malesitilanti akunja ophika Chijapani chenicheni. Manyuzipepala anawaseka kuti ndi apolisi a sushi, ganizolo linafera m'mazira. Ine ndimati zinakhala bwino. Nsomba ya salimoni, imene lero yadzaza mbale za sushi, Ajapani sankaidya yaiwisi mpaka anthu a ku Norway anayamba kuwanyengerera m'zaka za m'ma 1980. Ifenso chimanga chathuchi chinachokera ku America, makolo ankadya mapira ndi mawere. UNESCO inalemba kaphikidwe ka Ajapani m'kaundula wake wa miyambo mu 2013, nsima ya Amalawi mu 2017, zonse ziwiri zili ndi mlendo mkati.

Pamene timasiyana kwambiri ndi pa ulemu wa pakudya. Ife timazunguza beseni ndi jagi, akulu kuyamba kusamba. Iwo amakupatsa kathaulo konyowa kopukutira m'manja. Mwana wa kwathu akamafwefwenthula msuzi mokweza amadzudzulidwa, pamene m'nyumba ya ramen phokoso limenelo palibe amene amalitembenukira. Ndipo sakhalitsa. Mbale ikatha, munthu amadzuka, chifukwa panja pali mzere wa anthu ovala majekete, manja m'matumba, akusuzumira pagalasi kuti mpando upezeka liti.