Kusunga Zipangizo Zosinthira Oyilo wa Injini ya Boti

Ambiri a ife amene tikukhala m'maparishi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi, Salima, Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay, tinaonapo madzi a padoko atayala utoto wonyezimira ngati utawaleza. Ana amaukonda utoto umenewu ndipo amauvundula ndi timitengo. Koma utotowo ndi oyilo wa injini. Tikafunsa eni maboti, aliyense amakana kuti sanathirepo oyilo m'nyanja, ndipo ambiri mwa iwo amanena zoona. Oyilo wochuluka amafika m'madzi kudzera m'zipangizo zimene tasinthira oyiloyo: fanelo yoponyedwa pansi pa boti, nsanza yopanikizidwa pakati pa matabwa, sefa yakale yotayidwa pamchenga, chigubu chopanda chitsekerero. Ntchito yosintha oyilo imatenga ola limodzi lokha, koma zipangizozi zimakhala zikudontha miyezi ingapo. M'phunziro lino tikambirana za kasungidwe kake.

Injini zake ndi zosiyana

Tiyambe tadziwa injini imene tili nayo, chifukwa zonyansa zake zimasiyana. Maboti ambiri a asodzi ali ndi injini zokoleka kumbuyo, za mtundu umene amakanika amautcha two-stroke. Injini zimenezi sizikhala ndi oyilo wokhetsa m'mimba mwake, chifukwa oyilo amasakanizidwa ndi petulo n'kupsera limodzi. Zambiri zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza kuti thanki ya malita 25 imalandira theka la lita ya oyilo. Komabe kumunsi kwake, pafupi ndi pulopela, kuli oyilo wa magiya amene ayenera kusinthidwa. Oyilo ameneyu sakwana ndi theka la lita lomwe, koma ndi wokhuthala, wonunkha ndiponso womata kwambiri.

Injini za four-stroke zili ngati za galimoto. Opanga ambiri amalangiza kusintha oyilo wake pakatha maola 20 oyamba injini ikakhala yatsopano, kenaka pa maola 100 alionse kapena kamodzi pachaka. Ndiye pali injini za dizilo zokhala m'kati mwa boti, monga zimene zimapezeka m'maboti a matanga. Maboti amenewa amayenda ndi mphepo, injini imangowathandiza potuluka ndi polowa padoko kapena mphepo ikaleka. Injini yotere imakhala pansi penipeni pa boti, moti palibe malo olowetsa beseni kunsi kwake. Oyilo wakale amachita kumukoka ndi kapampu ka pamanja, kapaipi kake katalowetsedwa pabowo loyezera oyilo, injini itayamba yalizidwa kwa mphindi zingapo kuti oyiloyo asungunuke. Eni maboti a matanga amagona ndi kuphika m'botimo, pafupi ndi injini, kotero anakakamizika kuphunzira kusunga pampu, mapaipi ndi fanelo mosadetsa zofunda ndi chakudya. Nzeru zimene tikupereka pano ndi zomwezo, ndipo zimagwira ntchito pa boti lililonse.

Chifukwa chiyani tikuvutika ndi kanthu kakang'ono?

Oyilo watsopano ndi woyera ngati uchi. Akagwira ntchito m'injini amada chifukwa amatola mwaye, tizidutswa ta zitsulo ndi mankhwala ena obwera chifukwa cha kupsa kwa mafuta. Ena mwa mankhwalawa amatha kuyambitsa khansa ya pakhungu ngati munthu akhudzana nawo kawirikawiri kwa zaka zambiri osasamba. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, la EPA, limanena kuti muyezo umodzi wa oyilo wakale ungathe kuipitsa miyezo 1,000,000 ya madzi akumwa. Tinene kuti lita imodzi ingaononge malita miliyoni imodzi. Oyilo samira msanga ndipo sasungunuka. Amayala pamwamba pa madzi, ndipo mphepo ya mwera ikaomba imamukankhira kugombe ndi m'mabango, kumene kumabisala ana a nsomba, kumenenso amayi amatsuka mbale ndi kutunga madzi.

Tikumbukirenso kuti nyanja ya Malawi, ngakhale ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo malo ena ndi yakuya mamita 700, ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira madzi, mtsinje wa Shire. Madzi ambiri amachoka m'nyanjayi ngati nthunzi, ndipo nthunzi sinyamula zonyansa. Chimene chalowa chimakhalitsa. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake chigawo cha ku Cape Maclear chinakhala malo otetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linachiika m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse.

Koma tisabise, mwini boti amene wabwera wopanda nsomba usiku wathawu samva msanga nkhani ya mitundu ya nsomba. Iye timuuze za thumba lake. Fanelo ya oyilo ikasiyidwa poyera padoko, mchenga ndi fumbi zimamatirira. Tsiku losinthanso oyilo mchengawo umatsetserekera m'injini pamodzi ndi oyilo watsopano, n'kuyamba kupala zitsulo. Injini yogulidwa ndi ngongole imatha msanga chifukwa cha fanelo imene mtengo wake ndi wochepa. Ndiponso nsomba zimene zagona pansi pa boti pamene padontha oyilo zimatenga fungo, ndipo ogula amazizindikira.

Ndowa imodzi ya chivundikiro

Njira yake ndi yosavuta: zipangizo zonse zokhudza oyilo zikhale ndi nyumba imodzi, yotsekeka, yosagwiranso ntchito ina. Ndowa ya pulasitiki ya malita 20 imene munali penti, yokhala ndi chivundikiro chothina, ndi yokwanira. Pansi pake tiyalepo utuchi, makatoni kapena nyuzipepala zakale kuti zizimwa madontho, ndipo zikakhuta tizisinthe. Kunja kwake tilembepo ndi penti mawu akuti OYILO WAKUDA, ndipo chifukwa si onse amene amawerenga, tijambulepo mtanda waukulu wofiira. Ndowa imeneyi isabwerekedwe kukatungira madzi, kunyikira chinangwa kapena kuikamo nsomba, ngakhale wobwerekayo akhale apongozi.

Chofunika kwambiri ndi kusafulumira kulongedza. Tikatha kusintha oyilo, fanelo tiiimike pakamwa pa chigubu cha oyilo wakale kuti ikhe usiku wonse. Sefa yakale imabisa oyilo wambiri m'kati mwake. Tiizondotse pafanelo yomweyo kwa maola osachepera 12, kenaka tiikulunge m'pepala lolimba la pulasitiki. Pampu tiipope kangapo ili pakamwa pa chigubu mpaka itayamba kutulutsa mpweya wokha. Kapaipi ndi kamene kamanyenga anthu ambiri: kamaoneka kouma kunja, koma m'kati muli oyilo amene amatuluka pang'onopang'ono kakangogonekedwa. Tikapachike choimika kuti kakhe, kenaka titseke mbali zonse ziwiri ndi kamtengo kosema kapena bawuti, kapena tipinde n'kulowetsa mbali zonse m'kabotolo kamodzi. Zikatha kukha tizipukute ndi nsanza. Fanelo ikhale m'pepala lakelake. Amene angakwanitse akhale ndi mafanelo awiri, ina ya oyilo watsopano, ina ya wakale, ndipo kabotolo koyezera oyilo wosakaniza ndi petulo kakhale kotseka nthawi zonse.

Tisatsuke zipangizozi m'nyanja, pamjigo kapena pachitsime. Ena amaganiza kuti akathira sopo wa ufa pamadzi a oyilo ndiye kuti ayeretsa, popeza utoto uja umazimirira. Sopo amangophwanya oyiloyo kukhala timadontho tating'ono timene timalowa pansi pa madzi, kumene kuli nsomba. Maso okha ndiwo asiya kuona. Oyilo akatayikira m'boti, tiyambe tamupukuta ndi nsanza kapena kumuwaza utuchi n'kuwola, tisanayambe kukapa madzi. Akatayikira pamchenga, tifosholepo mchengawo n'kuuika m'chitini. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka. Oyilo ndiye woposa, kotero ndi bwino kuyala lona kapena katoni pansi ntchito isanayambe, ndipo injini yokoleka tiichotse n'kukaigwirira ntchito kumtunda, kutali ndi mafunde ndi mathandala oyanikapo nsomba.

Nsanza zonona ndi oyilo zikhale m'chitini chachitsulo chovundikira, kutali ndi mbaula, nyali ndi zigubu za petulo. Ndowa yathu ija isagone m'boti, pamene funde lingaigubuduze, koma pamthunzi m'kachipinda kokhoma, osati m'khitchini kapena m'nkhokwe.

Pokhetsa oyilo wa magiya tiyang'anitsitse mtundu wake tisanamuthire m'chigubu. Akatuluka woyererako ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa. Nthawi zambiri chimachititsa ndi ulusi wa ukonde kapena wa mbedza umene wakulungika kumbuyo kwa pulopela n'kudula labala yotseka. Pamene madzi akulowera ndi pomwenso oyilo akutulukira, ulendo uliwonse. Injini yotere ipite kwa makanika isanabwerere pamadzi.

Nanga oyilo wakaleyo apite kuti?

Apa ndi pamene pali vuto lenileni, ndipo sitikufuna kunamiza wina kuti yankho lake ndi lapafupi. Chigubu chabwino ndi chomwe munabwera oyilo watsopano, chifukwa ndi cholimba ndipo chili ndi chitsekerero chake. Tisaike oyilo, petulo kapena palafini m'mabotolo a zakumwa. Ana aang'ono amadziwa botolo, sadziwa zimene zili m'katimo. Mwana akamwa mafuta otere tisamusanzitse, chifukwa posanza mafutawo amatha kulowa m'mapapo. Tithamange naye kuchipatala, botolo lake titanyamula. Oyilo wakale tisamusakanize ndi petulo, palafini kapena madzi, chifukwa wosakaniza sachedwa kugwira moto ndipo amene amakonzanso oyilo samufuna.

M'midzi mwathu oyilo wakuda tinamupezera ntchito zambiri, ndipo zina mwa izo n'zoopsa. Kumuthira m'chimbudzi kuti athetse fungo ndi ntchentche kumamutsitsira m'nthaka, ndipo m'mbali mwa nyanja madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Kumupaka pachilonda cha munthu kapena cha ng'ombe ndi kuthira poizoni pabala. Kumuotcha pamoto wa poyera kumatulutsa utsi woipa, makamaka pafupi ndi pamene tikuwamba nsomba. Tikudziwa kuti ambiri amapaka mitengo ya denga ndi ya mpanda poopa chiswe. Mtengo wotere ukazikidwa pansi, mvula imatsukira oyiloyo m'dothi, ndipo sitingaulimbikitse pafupi ndi chitsime kapena dimba. Chimene tingachite ndi kufunsa kumagalaja ndi kumalo omwetsera mafuta a m'tauni yapafupi ngati amalandira oyilo wakale, ndi kufunsa mlangizi wa za usodzi kapena ofesi ya zachilengedwe kwa DC kuti ndani ali ndi chilolezo chotolera.

Munthu mmodzi sangalipire thiransipoti chifukwa cha malita atatu. Doko lonse lingathe. Malamulo a dziko lino amene anakhazikitsidwa mu 1994, m'gawo 13, amati boma liyenera kusamala chilengedwe poganiziranso mibadwo ya m'tsogolo. Lamulo la zachilengedwe la 1996 linalowedwa m'malo ndi la 2017, ndipo limaletsa kutaya zinthu zoipitsa m'madzi. Lamulo la za usodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi gawo poyendetsa usodzi, kudzera m'makomiti a padoko amene timawatcha ma BVC. Komiti imene imatha kuletsa ukonde wa maso ang'ono ingathenso kupeza mgolo umodzi wa malita 200, kuuika pamthunzi pa simenti kumtunda, kuukhoma ndi loko, n'kusankha munthu wosunga kiyi ndi kulemba amene wabweretsa oyilo. Pamsonkhano wotsatira wa komiti, kapena pamene takumana m'mphakati, tifunse kuti padoko pathu pali injini zingati, zimasinthidwa oyilo kangati pachaka, ndipo oyilo wa chaka chathachi anapita kuti.