Kusiyana kwa Chiwerengero cha Anthu Osowa Ntchito m'Madera ndi m'Nyengo Zosiyanasiyana

Kafukufuku wa za ntchito amene ofesi ya National Statistical Office inachita m'chaka cha 2013 anapeza kuti anthu 21 mwa 100 aliwonse otha kugwira ntchito m'Malawi analibe ntchito. M'mizinda chiwerengerochi chinali 28, pomwe kumidzi chinali 19.

Kutsika kwa chiwerengero cha kumidzi sikusonyeza kuti kumeneko ntchito n'zochuluka. Pa kalembera wotere, munthu amawerengedwa kuti ali pantchito ngakhale atagwira ola limodzi lokha m'sabata imene akufunsidwayo. Choncho wogwira ganyu wa tsiku limodzi saikidwa m'gulu la osowa ntchito, ngakhale zimene wapeza sizingadyetse banja. Mumzinda, momwe ambiri alibe munda, munthu akachotsedwa ntchito amaonekera msanga m'chiwerengero.

Ntchito zimabwera ndi kutha potsata mbewu ya dera lililonse. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, minda ya tiyi imalemba anthu ambiri othyola masamba m'nyengo ya dzinja, ndipo mvula ikatha ambiri amapumitsidwa. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa zinthu zimayenda mosiyana: kudula nzimbe kumayamba cha mu Epulo ndi kutha mvula ikayandikira. Misika ya fodya ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ikatsegulidwa, onyamula mabelo, oyendetsa magalimoto ndi ogulitsa zakudya amapeza zochita kwa miyezi ingapo. Kunyanja ya Malawi, alovi ambiri amakhala pamtunda kuyambira mu Novembala, pamene usodzi wa makoka umaletsedwa kuti nsomba ziswane.

Motero mwezi womwewo ungabweretse ntchito m'boma lina ndi kuzichotsa m'boma lina. Wofuna kudziwa ngati zinthu zikusinthadi ayerekeze mwezi wa chaka chino ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, osati ndi mwezi wongotha kumene.

Amalonda akulangizidwa kupikula katundu ndi kupereka ngongole poganizira miyezi imene anthu a m'dera lawo amalandira malipiro. Alimi amene amadalira ganyu asunge chakudya ndi ndalama pokolola, kuti asasiye minda yawo pa nthawi yopalira. Opita kukagwira ntchito kutali adziwiretu malipiro ndi kutalika kwa mgwirizano asananyamuke, ndipo pakakhala chosamveka afunse ku ofesi ya zantchito ya m'boma lawo.