Kamera Yochedwetsa Mpira

Azakhali anu afika ndi mafunso. Wosewera akamenya mpira, kodi mumaona pomwe phazi laukhudza? Ayi ndithu! Mukangophethira, mpira uli kale mu ukonde. N'chifukwa chake makochi amajambula osewera awo pokonzekera masewero. Kenako amaonera vidiyoyo ikuyenda pang'onopang'ono.

Nanga vidiyo n'chiyani? Ndi zithunzi zambirimbiri zondondozana. Zikamasinthana mwachangu, maso athu amaona munthu akuyenda. Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi imodzi. Tanenani kuti "imodzi". Mwaona? Zithunzi 30 zadutsa kale!

Ndiye kamera imachedwetsa bwanji mpira? Imajambula zithunzi zochuluka, monga 240 pa sekondi. Poonetsa, imatulutsa 30 zokha pa sekondi. Tiyeni tiwerengere. Mu 240 muli ma 30 angati? Eya, 8! Kudumpha kwa sekondi imodzi kumatenga masekondi 8. Mtsikana wa ntchemberembaye amaoneka ngati akuyandama m'malere. Bondo likupindika, chigongono chikuwongoka, mpira ukuchoka pa zala mwakachetechete. Kochi amaona pomwe pakufunika kukonza, wosewera naye n'kudzionera yekha.

Kodi nzeru imeneyi inayamba liti? Kalekale! Anthu ankatsutsana ngati hatchi yothamanga imanyamula miyendo yonse inayi nthawi imodzi. Mu 1878, ku California m'dziko la America, Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira. Hatchi inadutsa pa liwiro, makamera n'kujambula motsatizana. Zithunzizo zinathetsa mkangano. Pali kamphindi komwe hatchi sikhudza pansi n'komwe!

Nanga timu isankhe kamera yotani? Yojambula zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi. Mafoni ena amatha kutero. Ajambule kunja kukuwala, chifukwa madzulo zithunzi zimada. Kamerayo ikhalenso pa chinthu chosagwedera.

Kodi inu mungayeseko popanda kamera? Kwabasi! Tengani kope lakale ndi pensulo. Pangodya ya tsamba loyamba, jambulani kampira pansi. Pa tsamba lotsatira, kakwezeni pang'ono. Pitirizani mpaka masamba 20. Tsopano tembenuzani masambawo mwachangu ndi chala chachikulu. Mpira wauluka! Tembenuzaninso pang'onopang'ono. Mwauchedwetsa nokha! Mawa kaonetseni anzanu kusukulu, ndipo mujambulire limodzi kamunthu kolumpha chingwe.