Mankhwala a zilonda za m'thumbo lalikulu

Munthu akamatsegula m'mimba mwa magazi, ambiri timathamangira kunena kuti ndi kamwazi, ndipo kawirikawiri timalondola. Koma alipo ena amene amamwa Flagyl ndi ciprofloxacin mobwerezabwereza, miyezi n'kumapita, magazi osaleka. Ena mwa iwo amakhala akudwala ulcerative colitis, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira mkati mwa thumbo lalikulu mpaka kuchita zilonda. Imayambira kumapeto kwenikweni kwa thumbo, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, n'kumakwera. Ikangokhazikika kumapetoko, madokotala amati proctitis. Wodwala amamva chimbudzi pafupipafupi, koma akapita kumangotuluka timagazi ndi zonanda.

Mankhwala akale a nthendayi ndi sulfasalazine, amene dokotala wa ku Sweden, Nanna Svartz, anayamba kupatsa odwala cha m'ma 1940 pofuna kuchiza nyamakazi. Piritsili likafika m'thumbo lalikulu, tizilombo tokhala mmenemo timaligawa pawiri. Mu 1977 madokotala a ku Oxford anasonyeza kuti chigawo chimene chimapoletsa zilonda ndi mesalazine, ndipo chimagwira ntchito pokhudza balalo. Chigawo chinacho ndicho chimadzetsa mavuto ambiri: mutu, nseru, ziwengo, ndiponso kuchepa kwa mbewu ya abambo, komwe kumabwerera mwakale munthu akasiya kumwa.

Apa m'pamene pagona nkhani. Popeza mesalazine amachiza pamene wakhudza, wodwala proctitis amathandizidwa bwino ndi kachipolopolo kolowetsa kumbuyo, ka gramu 1 tsiku lililonse, makamaka pogona, kusiyana ndi mapiritsi okha. Zilonda zikakwerako pang'ono, pali mesalazine wamadzi wopopera kumbuyo komweko, amene amafika mbali yakumanzere ya thumbo. Zikafalikira, amaphatikiza wakumwa ndi wolowetsa. Odwala ambiri amaipidwa nayo njirayi, ena amachita manyazi ngakhale kufunsa kalowetsedwe kake, n'kupempha mapiritsi. Manyaziwo ndi omveka, koma amatalikitsa matenda. Ndipo magazi akasiya, mankhwalawa sasiyidwa mwachisawawa, chifukwa nthendayi imagona n'kudzukanso.

Ikavuta, dokotala amapereka prednisolone, kawirikawiri mamiligalamu 40 patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa milungu pafupifupi 8. Kuti mankhwala a mtundu umenewu amathandiza, madokotala Truelove ndi Witts anatsimikiza mu 1955. Amagwira msanga, koma si okhalira: amatupitsa nkhope, amakweza shuga ndi BP, amafooketsa mafupa. Kuno kwathu chiopsezo china n'chakuti wodwala kamwazi wa amoeba akapatsidwa prednisolone, tizilomboto timalusa mpaka thumbo kubooka. N'chifukwa chake chimbudzi chiyenera kuyezedwa kaye, poganiziranso likodzo la m'matumbo ndi TB ya m'mimba.

Amene nthenda imawabwerera akangotsitsa prednisolone amapatsidwa azathioprine, yemwe amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti agwire ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Pamwamba pake pali mankhwala odula kwambiri: infliximab wa m'dripi, amene America inavomereza pa nthendayi mu 2005, vedolizumab wa mu 2014, ndi mapiritsi a tofacitinib a mu 2018. Infliximab amatha kudzutsa TB yogona m'thupi, choncho wodwala amayezedwa TB ndi hepatitis B asanayambe.

Wodwala nthendayi apewe Brufen ndi diclofenac, chifukwa amatha kuyambitsanso zilonda. Pa ululu, Panado ndiye woyenera. Akamatsegula magazi kasanu ndi kamodzi kapena kuposa patsiku, thupi likutentha, mtima ukuthamanga, asamwe mapiritsi oletsa kutsegula m'mimba monga loperamide. Ameneyo ngofunika kugonekedwa m'chipatala kuti alandire hydrocortisone wa mumtsempha, ndipo masiku atatu akadutsa osasintha, madokotala amayamba kukambirana za infliximab, ciclosporin kapena opaleshoni yochotsa thumbolo.