Mpando wa gavanala ku Kenya: ulendo wa Kivutha Kibwana ku Makueni

Wovota wa ku Kenya akafika pamalo oponyera voti amapatsidwa mapepala asanu ndi limodzi. Ife ku Malawi tinazolowera atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Anzathuwo amasankha pulezidenti, phungu wa dera, mayi woimira kaunti ku nyumba ya malamulo, seneta, gavanala, ndiponso woimira wodi yawo, amene amangomutchula kuti MCA. Pa mapepala onsewa, la gavanala ndilo limakhudza kwambiri mankhwala a pachipatala chapafupi, msewu wa fumbi wopita kumsika ndi madzi a pamudzi.

Dongosolo limeneli silakale. Linabwera ndi malamulo aakulu a dziko amene Akenya anawavomereza pa riferendamu ya pa 4 Ogasiti 2010. Malamulowo anagawa dziko m'makaunti 47, iliyonse ndi boma lakelake, ndipo magavanala oyamba anasankhidwa pa 4 Malichi 2013. Gavanala sachita kutumizidwa kuchokera ku likulu ngati bwanamkubwa wa paboma kwathu kuno. Amamusankha ndi anthu a m'kauntimo, limodzi ndi wachiwiri wake, ndipo amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake ndiye wapambana. Amalamula zaka zisanu, ndipo sangapitirire maulendo awiri. Amasankha nduna zake za kaunti, koma mayina awo ayenera kuvomerezedwa ndi nyumba ya malamulo ya kauntiyo, kumene kumakhala ma MCA. Nyumba yomweyo ndiyo imavomereza bajeti. Mfundo iyi tiisunge, chifukwa ndi imene inadzagwedeza Makueni.

Ntchito za kaunti zinalembedwa m'malamulo: ulimi, zipatala za m'kaunti, misewu ya m'kaunti, misika, madzi, kuchotsa zinyalala, sukulu za mkaka ndi sukulu za ntchito zamanja za kumidzi. Apolisi, asilikali, sukulu za pulayimale ndi za sekondale zili m'manja mwa boma lalikulu ku Nairobi. Ndalama zambiri zimachokeranso ku Nairobi komweko, poti malamulo amati makaunti onse pamodzi azilandira zosachepera 15 peresenti ya ndalama zimene boma lalikulu latolera. Choncho wofuna ugavanala akaima pamsonkhano n'kulonjeza kuti adzalemba aphunzitsi a sekondale kapena kuchulukitsa apolisi, wovota wodziwa malamulo amazindikira kuti munthuyo akulonjeza mbuzi ya eni.

Makueni ili kum'mwera chakum'mawa kwa Nairobi, m'dera la Akamba, ndipo likulu lake ndi Wote. Ndi dziko louma, la mvula yosadalirika, la mitsinje ya mchenga ndi mitengo ya mango. Pa kalembera wa 2019 munapezeka anthu ochepera pang'ono miliyoni imodzi, ndipo muli mawodi 30. Gavanala wake woyamba anali Kivutha Kibwana, mphunzitsi wa zamalamulo pa yunivesite ya Nairobi, amene m'zaka za m'ma 1990 anali m'gulu la atsogoleri okakamiza boma la Daniel arap Moi kuti lilole kulembanso malamulo aakulu a dziko. Pamene anakhala gavanala, ankayendetsa dongosolo limene iye mwini analimenyera nkhondo.

Mbiri yake ya zisankho si yosalala. Mu 2002 anapambana uphungu wa dera la Makueni pa chipani cha NARC, chimene chinachotsa chipani cha KANU m'boma, ndipo anadzakhala nduna m'boma la Mwai Kibaki. Mu 2007 anthu omwewo anamugwetsa. Chaka chimenecho Akamba ambiri anatsata Kalonzo Musyoka, mwana wa kwawo amene ankapikisana pa upulezidenti, ndipo Kibwana sanali kumbali imeneyo. Anakhala mlangizi wa pulezidenti pa nkhani za malamulo, kenako mu 2013 anabwerera kwa ovota pa kachipani kakang'ono ka Muungano n'kupambana ugavanala, m'dera limene chipani cha Kalonzo cha Wiper chinali ndi mphamvu.

Kupambana kotere kuli ndi mtengo wake. Gavanala analowa mu ofesi, koma nyumba ya kaunti sinali yake. Mkangano unabuka pa bajeti, makamaka pa ndalama zimene ma MCA ankafuna kuti zipite ku ntchito za nyumba yawoyo, pamene gavanala ankati zipite ku chitukuko. Zinafika poipa mu Sepitembala 2014, pamene mfuti zinalira pa nyumba ya malamulo ku Wote ndipo anthu angapo anavulala. Posakhalitsa ma MCA anavota kuti gavanala achotsedwe, koma nkhaniyo inakaima ku khoti.

Apa ndi pamene malamulo a makaunti amaonekera bwino, chifukwa ali ndi njira ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi yochotsa gavanala yekha: ma MCA okwana magawo awiri mwa atatu avote, kenako Seneti imve mlandu n'kugamula. Ferdinand Waititu wa ku Kiambu ndi Mike Sonko wa ku Nairobi anachoka motero mu 2020, ndipo Kawira Mwangaza wa ku Meru anatsatira mu 2024. Yachiwiri ndi yoimitsa boma lonse la kaunti, gavanala ndi nyumba yomwe, kuti onse akafunenso mavoti. Ovota okwana 10 peresenti ya olembetsa angathe kusaina pempho lopita kwa pulezidenti, iye n'kukhazikitsa komishoni yofufuza. Anthu a ku Makueni anatsata njira yachiwiriyi, ndipo Kibwana anaichirikiza ngakhale ikanamuchotsa iyenso pampando. Komishoni imene anaitsogolera Mohammed Nyaoga inalangiza mu 2015 kuti boma la kauntiyo liimitsidwe. Pulezidenti Uhuru Kenyatta anakana. Mlandu unatsala m'manja mwa ovota, ndipo iwo anaugamula pa 8 Ogasiti 2017: Kibwana, amene tsopano anaima pa Wiper, anapambana ndi mavoti ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa ma MCA aja sanabwerere.

N'chiyani chinakopa anthu chotere? Ine ndimaona kuti zimene iye anaika patsogolo zinali zinthu zimene kaunti ili nazodi mphamvu, ndiponso zimene mlimi angathe kuziloza ndi chala. Chodziwika kwambiri ndi Makueni Care, imene inayamba mu 2016. Banja linkapereka mashilingi 500 pachaka n'kumalandira chithandizo m'zipatala za kaunti popanda kulipiranso, pamene okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo sankalipira. Aliyense amene anagulitsapo mbuzi usiku kuti wodwala agonekedwe akudziwa kukula kwa chinthu chimenechi. Panali fakitale ya zipatso ku Kalamba, yotsegulidwa mu 2017, kuti mango asamangowolera pansi kapena kugulidwa motchipa ndi mavenda pa nthawi ya zokolola. Panalinso lamulo la 2015 loteteza mchenga. Kwa mlendo lamulo lotere lingamveke laling'ono, koma ku Makueni mchenga wa mumtsinje ndiwo nkhokwe ya madzi m'chilimwe, ndipo malole ankaukokolola kupita nawo kokamangira nyumba ku Nairobi, mitsinje n'kutsala miyala yokhayokha.

Komabe chimene ndimachiona chachikulu kuposa zonsezi ndi mmene ankasankhira ntchito. Malamulo a Kenya amalamula kuti anthu azitenga mbali pokonza bajeti, koma m'malo ambiri izi zimathera pa msonkhano umodzi wa mu holo, woitanidwa mochedwa, anthu n'kusaina pepala n'kubalalika. Ku Makueni zokambirana zinkayambira m'midzi yoposa 3,000, n'kukwera pang'onopang'ono kudutsa pa wodi mpaka ku kaunti. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amayi amene amayenda mtunda wautali ndi zigubu ndiwo ankanena pamene damu liyenera kukhala. Ntchito ikayamba, anthu a pamalopo ankasankha komiti yoiyang'anira, ndipo kontirakitala ankafunika chivomerezo cha komitiyo kuti alipidwe. Mu 2019 kauntiyo inayamba kuika makontirakiti ake pa intaneti kuti aliyense aone amene wapatsidwa ntchito ndi mtengo wake.

Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Chithandizo chonga Makueni Care chimadalira bajeti ya kaunti, ndipo makaunti a ku Kenya akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti ndalama za ku Nairobi zimafika mochedwa. Zikachedwa, mankhwala amasowa ndipo ogwira ntchito amadikira malipiro, kaya gavanala ndi wabwino chotani. Fakitale imodzi singamalize mango a kaunti yonse. Ndiye wovota wanzeru samangomvera zapamsonkhano. Pali Auditor General, amene amafufuza mabuku a kaunti iliyonse chaka chilichonse, ndi Controller of Budget, amene amavomereza kutapa ndalama ndipo amatulutsa malipoti oonetsa zimene zapita ku malipiro, ku maulendo ndi ku chitukuko. Lamulo limafuna kuti zosachepera 30 peresenti ya bajeti zizipita ku chitukuko. Gavanala amene akupempha ulendo wachiwiri angathe kuyezedwa ndi malipoti amenewa, ndipo amene anali phungu kapena nduna ali ndi mbiri ya kumene anachokerako yoti anthu aifunse.

Maulendo ake awiri atatha mu 2022, malamulo sanamulolenso Kibwana kuima pa ugavanala. Anayamba wanena zofuna upulezidenti, kenako anasiya n'kupikisana pa useneta wa Makueni pa chipani chake chakale cha Muungano. Pa 9 Ogasiti 2022 anthu amene anamupatsa chipambano chachikulu zaka zisanu m'mbuyomo anasankha Daniel Maanzo wa Wiper, ndipo mpando wa gavanala unapita kwa Mutula Kilonzo Junior, amene anali seneta wa kauntiyo pa nthawi ya mkangano uja.