NJIRA ZITATU ZA OPARESHONI YA NTHENDA YA MUDZI

Nthenda ya mudzi ndiyo kutupa kwa mitsempha ya magazi pa njira yotulukira cimbudzi. Ambiri amaibisa cifukwa ca manyazi, kufikira magazi atacepa m'thupi ndipo khasu lawakanika.

Pamene nthendayi ikali yaing'ono, madokotala amamanga cotupaco ndi kamphira kuti cifote ndi kugwa cokha. Koma ngati nyama ituluka kunja nifuna kubwezedwa ndi cala, kapena ikana kubwerera, kawirikawiri pamafunika opareshoni. Njira zodziwika kwambiri zilipo zitatu.

Yoyamba inalongosoledwa m'caka ca 1937 ndi madokotala awiri, Milligan ndi Morgan, a pa cipatala ca St Mark's ku London. Dokotala amadula cotupa, namanga mtsempha wace, nasiya bala losasoka kuti lipole lokha. Ululu umakhala waukulu pa masiku oyamba, ndipo bala limatenga mwezi kapena kuposerapo.

Yaciwiri inacokera kwa Ferguson wa ku America m'caka ca 1959. Kadulidwe nkofanana, koma bala limasokedwa ndi ulusi wosungunuka wokha. Limapola msangako, ngakhale kuti nthawi zina ulusi umamasuka.

Yacitatu inabukitsidwa ndi Longo wa ku Italy m'caka ca 1998. Kacipangizo kamadula nyama m'kati mwa thumbo, mmene mulibe ululu wambiri, nikalumikiza malowo ndi timawaya, potero cotupa cimakokedwera m'kati. Wodwala amabwerera ku nchito msanga. Koma kacipangizoko nkodula mtengo, kamagwira nchito pa munthu mmodzi yekha, ndipo nthenda imabweranso kawirikawiri kuposa pa njira ziwiri zija.

Motero njira zakale zodula, ngakhale zipweteka, ndizo zimaciritsa mokhalitsa. Mfundoyi njofunika kwa mlimi wokhala kutali ndi cipatala ca Chipata Central kapena ca St Francis ku Katete, amene sangakwanitse ulendo waciwiri. Wotereyu acita bwino kupempha dokotala kuti, ngati nkotheka, opareshoni icitike zokolola zitalowa m'nkhokwe.

Akatuluka m'cipatala, wodwala azidya ndiwo zamasamba ndi zipatso, azimwa madzi ambiri, azikhala m'beseni la madzi ofunda, ndipo asadzikakamize ku cimbudzi. Magazi akacuruka, mkodzo ukakana kutuluka, kapena thupi likatentha, abwerere msanga.

Si magazi onse a ku cimbudzi amene ali a mudzi: khansa ya m'matumbo nayonso imayamba motero. Wowaona apite kukapimidwa, osayamba wayesa zitsamba.