Nthumwi yanu mukuidziwa?

Ndimamva ambiri akudandaula kuti bungwe lawo la ogwira ntchito likugona, koma ukawafunsa dzina la nthumwi yomwe anasankha okha, amangoti kukamwa yasa. Vuto lagona pamenepo.

Bungwe ngati la aphunzitsi la TUM siliyenda ndi akuluakulu a kulikulu okha. Nthumwi ndiyo imayamba kumva malipiro akachedwa. Mnzanu akaitanidwa kukayankha mlandu kwa abwana, ndiyo imakhala pambali pake, kope m'manja. Madandaulo anu imapita nawo kumsonkhano waukulu, komwe atsogoleri amasankhidwa.

Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limateteza ufulu wanu wolowa m'bungwe. Choncho posankha nthumwi, musavotere wongodziwa kukuwa. Sankhani wobwerako kudzakuuzani zomwe zakambidwa, ndipo muzimufunsa komwe ndalama zomwe mumasonkha zikupita.